A Khutu ndi Chimbale Chopanda Ng'oma

Mumsewu wonsewo palibe amene ankakumbukira dzina lenileni la bambo wokonza mafiriji uja. Onse ankangoti a Khutu. Anzawo a ntchitoyi firiji ikafika amathamangira kumasula kumbuyo, koma iwo ankangoilumikiza kumagetsi, n'kugunditsa khutu pambali pake, maso atatsinzina. Pakapita mphindi imodzi ankadzuka n'kunena kuti, "Gasi watha," kapena, "Kompulesa yatopa, musavutike nayo." Anagwira ntchitoyi zaka makumi atatu ndi ziwiri ndipo sankaphonya kawirikawiri.

Kashopu kawo kanali ka chipinda chimodzi, pakati pa telala ndi wometa tsitsi, kodzaza ndi mafiriji okalamba, ena opanda zitseko. M'mawa ankasesa okha, n'kumwa tiyi m'kapu yothyoka chogwirira, ndipo masana ankakangana ndi telala nkhani za mpira. Moyo umenewu unkawakwanira. Chilema chawo chinali chimodzi: sankapsatira mawu. Makasitomala ankawakondera zomwezo, koma ana awo anayi analira nazo kangapo.

Amene zinamupweteka kwambiri anali mzime wawo, mtsikana wogwira ntchito mu ofesi, yemwe akaweruka ankapanga nyimbo pakompyuta. Zaka ziwiri m'mbuyomo anawaikira kanyimbo kake koyamba kuti amvere, iwo n'kufunsa kuti, "Iyamba nthawi yanji?" pamene nyimboyo inali itatha. Mtsikanayo anaseka nawo, koma kuyambira tsiku limenelo sanawauzenso kanthu za nyimbo, ndipo kubwera kwake kunyumba kunayamba kudumphadumpha. A Khutu ankamusowa kwambiri mwanayu, kungoti pakamwa pawo sipankatuluka mawu otero.

Ndiye Lachitatu lina mtsikanayo anangotulukira kushopu n'kuika kafulashi pamwamba pa firiji.

"Ababa, chimbale changa ndamaliza. Muli nyimbo zisanu. Ndibwera Loweruka masana, mudzandiuze mmene mwachimvera. Koma mudzanene zoona."

A Khutu atafika kunyumba, akazi awo sanawapatse mpata wovula nsapato.

"Abambo, ulendo uno mukangolankhula zanu zija, mwanayu simudzamuonanso pakhomo pano. Mudzangoti n'zokoma, basi."

"Ndimunamize mwana wanga?"

"Kunamiza kwake kuti? Kodi ine simunandinamizepo za diresi?"

"Sindinakunamizenipo."

"N'chifukwa chake ndinasiya kukufunsani."

Lachinayi m'mawa a Khutu analowetsa kafulashi musipika ya kushopu. Munatuluka kulira kokhuthala, kwapansipansi, kongoti mmmm, kosakwera kosatsika. Pamwamba pake pankagwa timawu tating'ono, apa ndi apo, ngati madontho a madzi m'beseni lopanda kanthu. Ng'oma munalibe, woimba munalibe. Anadikira mphindi zitatu, kenaka anagwedeza mutu. Kulira kotero iwo ankakudziwa bwino: penapake waya wamasuka. Anatenga sikuludiraiva, n'kuitsegula sipikayo, n'kuyesa waya aliyense, ndipo onse anali bwinobwino.

Wometa tsitsi anawapeza atazunguliridwa ndi tizitsulo. Anawabwereketsa sipika yake, koma namonso munatuluka zomwezo.

"Akulu, mwaipha sipika yosalakwa," anatero uku akugwira m'mimba ndi phwete. "Nyimbo yake ndi yomweyo."

Telala anasuzumira pakhomo, singano ili pakamwa. "Nanga anthu ake amavina bwanji zimenezi? Chogona?"

A Khutu anachita manyazi, kenaka manyaziwo anasanduka mkwiyo. Kumunyoza okha mwana wawo sankaona vuto, koma kumva anthu ena akumuseka kunawabaya. Anawathamangitsa onse awiri, n'kukankha chitseko. Atatsala okha anazindikira kuti mlandu wina unali wawo. Firiji ya munthu wachilendo ankaipatsa khutu lonse, koma nyimbo ya mwana wawo anaimvera m'kati mwa phokoso la mafiriji asanu ndi imodzi, uku akusaka chofooka. Anazula mapulagi onse, shopu inangoti zii. Anakoka mpando, n'kuyandikiza khutu pasipika, n'kutsinzina. Paja amati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kulira kokhuthala kuja sikunali kumodzi ayi. Kunali kutatu, kogundana pang'onopang'ono, mwakuti mawuwo ankafufuma ndi kuphwa ngati chifuwa cha munthu wogona. Timadontho tija sitinkagwa chisawawa, tinali ndi kayendedwe kake, kungoti kochedwa. Nyimbo yachitatu inali ndi kaphokoso konga mvula ya patali, ndipo inawakumbutsa pabalaza alendo akangochoka kumene, mipando ikadali yofunda. Sinali nyimbo yachisoni, komanso sinali yachikondwerero. Inangowakhazika mtima pansi, mapewa awo n'kutsika.

Pakati pa nyimbo yachinayi, zonse zinayamba kuchepa, kuchepa, mpaka kuzimiratu. A Khutu sanasunthe. Kachetechete ameneyo ankamudziwa kuposa munthu wina aliyense mumsewumo. Firiji ukaikonza, sumaipereka kwa mwini wake ikangoyamba kulira. Umadikira izizire mpaka izime yokha, ndiye umadikiranso kuti uone ngati idzuke yokha. Apo m'pamene umadziwa ngati wagwira ntchito kapena wangotaya tsiku. Makasitomala amapupuluma pa nthawi imeneyi, koma iwo sankalola firiji kutuluka isanadutse pamenepo. Anapezeka atagwira mpweya. Nthawi inapita, inapitabe. Kenaka kulira kuja kunabwerera, chapansipansi, kofewa kuposa poyamba.

"Eya, yadzuka," anatero mokweza, ali okhaokha m'shopumo.

Loweruka masana mzime uja anafika n'kukhala pampando wamakasitomala, chikwama atachikumbatira pamiyendo. Mayi ake nawonso anabwera, ati kudzaona telala, koma anaima pakhomo n'kumawaponyera amuna awo diso lochenjeza.

"Nenani, ababa."

"Yoyamba ija ndinaiyesa waya womasuka. Ndinatsegula sipika."

Mtsikanayo anaseka pang'ono, koma nkhope inagwa.

"Yachiwiri sindinaimvetse mpaka lero."

Pakhomo paja mayi anatsokomola chifuwa chimene analibe. A Khutu sanacheuke.

"Koma yachinayi ija, mwana wanga, pamene zonse zimazima paja." Anamufotokozera za kudikira firiji, mmene mtima umagundira ukamayembekeza kuti idzuke, ndi mmene iwo anagwirira mpweya Lachinayi lija. Analankhula motalika kuposa mmene analankhulirapo ndi mwanayu chibadwire. "Sindikudziwa ngati n'zimene unkafuna. Ine ndinamva zimenezo, ndipo zinandikoma kwambiri."



"Anzanga onse akuti ndidule pamenepo," anatero mtsikanayo. "Akuti patalika, anthu aziganiza kuti foni yazima. Ndimati ndidule mawa."

"Anzakowo sanadikirepo kanthu pamoyo wawo. Usadule ngakhale pang'ono."

"Ndiye kuti munafika mpaka yachinayi?"

"Chonsecho, kasanu. Kafunse telala, wadandaula kale kuti ndikumugonetsa pamakina."

Mtsikanayo anaseka, misozi ili m'maso, n'kupukuta ndi kuseri kwa dzanja. Mayi ake anaona kuti ntchito yawo yatha, ulendo uno analowadi kwa telala. A Khutu mtima unali mbee, ndipo posowa chochita ndi manja anayamba kusonkhanitsa mawaya patebulo.

Mwana wawo anaika chikwama pansi, n'kukokera mpando pafupi ndi sipika.

"Siyani mawayawo, ababa. Yachiwiri ija, simunamvetse pati? Ikani tione."