Goloboyi Wanga Atapita ku Balaka

Makadi a osewera mpira ankabwera m'chingamu. Ukagula chimodzi pa golosale ina ya pa Nselema, m'kati mwa pepala lake munkakhala kachithunzi ka wosewera wakunja, kakang'ono ngati bokosi la machesi. Chingamucho chinkatha kukoma usanafike n'komwe pa mjigo, koma ife sitinkagulira kutafuna. Makadi anga ndinkawasunga m'pepala la shuga, n'kutsomeka kudenga pamwamba pa chitseko.

Panali khadi limodzi limene sindinkasinthanitsa ndi wina aliyense: goloboyi wadazi, wovala jezi yachikasu. Ameneyu sankapezeka wamba. Achimwene anandisiyira tsiku limene ankanyamuka ulendo wa ku Joni.

"Uyu ndangokubwereka," anatero. "Ndikadzabwera ndidzamupeze."

Holide ina kunabwera amalume a ku Balaka ndi mwana wawo wamkazi, wamkulu pang'ono kwa ine. Chikulireni ndinali ndisanamuone. Atangotsika pa kabaza anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kutembenukira kwa amayi.

"Azakhali, amuna anga aja ndi amenewa? Simuwapatsa chakudya?"

Ine ndinapereka moni ndi manja awiri, maso pansi. "Muli bwanji achemwali?"

Akuluakulu onse anaseka. Sindinadziwe chimene ndinalakwitsa, chifukwa kusukulu ndi kumadrasa komwe anatiphunzitsa kuti wamkulu kwa iwe umamupatsa ulemu.

Madzulo ake ndinazindikira kuti nayenso amatolera makadi. Anali nawo odzaza chitini cha mkaka, ndipo ankati anyamata a ku Balaka amathawa akamuona. Tinayala athu pakhonde n'kuyamba kusinthana. Kunena zoona, ankasinthanitsa ndi iyeyo; ine ndinkangovomera. Ankandipatsa difenda yemwe ndinali naye kale, iye n'kutenga womwetsa zigoli, ine n'kunena zikomo.

Kenaka anaona jezi yachikasu ija.

"Uyu ndiye wanga."

"Pepani achemwali, ameneyo ndi wa achimwene."

"Achimwene akowo ndi amuna anganso. Cha mwamuna n'cha mkazi."

Anamuponya m'chitini n'kutseka. Mawu akuti iyayi anafika pakhosi n'kubwerera okha. Mawa lake goloboyi anakwera kabaza, ulendo wa ku Balaka, ine n'kuthandiza kunyamula chikwama mpaka kumsewu.

Amayi anandipeza nditakhala kuseri kwa nkhokwe. Nditawafotokozera, m'malo mondimvera chisoni anaseka mpaka kukhala pansi.

"Iwe, mwana wa amalume ako si mchemwali wako. Ndi msuweni. Msuweni sagwadiridwa. Akakunyoza umabweza, akalanda nawe umalanda. Ine msuweni wanga anandilanda chitenje chatsopano pa ukwati, ndinakamulanda tambala wake masanasana."

"Ndiye mukamuuze abweze."

"Za chisuweni akulu salowerera. Ukatenge wekha."

Ndinangozisiya choncho, mpaka tsiku limene achimwene anaimba foni kuti abwera pa Idi. Asanadule anafunsa ngati goloboyi ali bwino. Ndinayankha kuti ali bwino, ndipo silinali bodza, kungoti anali bwino ku Balaka.

Mwayi unapezeka pamene amayi anandituma kukapereka mpunga ndi nsomba zouma za ku Chiuta kwa amalume. Mu minibasi ndinkayeserera chonyoza. Ndinali ndisananyozepo munthu, choncho ndinavutika ngati ndikulemba mayeso. Pa Ntaja ndinaganiza za mphuno yake, koma ndinaona kuti n'zopweteka kwambiri. Pofika pa mlatho wa Liwonde ndinali nditasankha mapazi. Ndinabwereza mawuwo chapansipansi mpaka mayi wina amene ndinakhala naye pafupi anakoka phazi lake n'kulibisa m'chitenje.

Ndinawapeza onse ali pakhonde, amalume, akazi awo ndi anansi awiri. Msuweni uja ankachapa chapafupi.

"Eee, amuna anga abwera ndi ndiwo! Mwayamba kukhwima nzeru tsopano."

Ndinatula katundu. Ndinapereka moni kwa akulu mmodzimmodzi. Kenaka ndinaima chilili n'kunena mokweza kuposa mmene ndinkafunira:

"Pepani akazi anga, koma mapazi anuwo ali ngati a bakha."

Amalume anaseka mpaka kofiya inagwa.

"Wapepesa kaye!" anatero mmodzi wa anansi aja. "Kunyoza kwa ku Nselema kumayamba ndi pepani!"

Msuweni anayang'ana mapazi ake ali m'thovu, n'kundiyang'ana ine. "Ulendo wonsewu wandibweretsera bakha basi? Iwe khosi lako ngati la nyamalikiti, ndakuuzapo?"

Sindinamvetse bwino, koma ndinadziwa kuti ndikayankha ndigonja. Chitini chija chinali pawindo. Ndinapita, ndinatsegula, ndinafufuza. Goloboyi anali pansi penipeni, atakutidwa ndi kapulasitiki kakekake. Ndinamutenga, n'kutenganso womwetsa zigoli uja.

"Awiri?" anakuwa. "Ababa, wakuba!"

"Cha mkazi n'cha mwamuna," ndinatero.

"Za chisuweni ine sindilowerera," anatero amalume, akupukuta kofiya.

Tsiku limenelo tinasinthana makadi mpaka minibasi yomaliza itatsala pang'ono kundisiya, ndipo ndinakana kangapo. Iye ankati iyayi wanga ngofooka ngati tiyi wopanda shuga, koma ankamumva.

Achimwene atabwera anamupeza goloboyi wawo. Anamutembenuza uku ndi uku, akudabwa ndi kapulasitiki kaja.

"Wasamala bwino, mphwanga."

Amayi anatsokomola dala ali kukhitchini. Ine ndinalandira kuyamikirako ndi manja awiri.