Foni ya a Bizwick Yodziwa Kukhala Chete

Pa Likhubula, mwa anthu onse onyamulira alendo katundu pokwera phiri, panalibe wotamandidwa ngati a Bizwick. Chikwama kumsana, chipewa choluka chitaphimba makutu, ankafika ku Chambe osadandaula. Mlendo alankhule Chingerezi, alankhule chakwawo, iwo ankangogwedeza mutu, nthawi zina n'kuusa moyo kuti, "Aaa, zoona?" Alendo ankawakonda zedi. Kumudzi nakonso anayamba kuwaitana pa milandu ya mabanja, ati bamboyu amamvetsera.

Kumvetsera ankamvetseradi, koma wailesi. M'chipewamo munali mahedifoni, waya wake n'kudutsa m'malaya mpaka m'thumba momwe munali foni. Foniyo ankaitama kuti ndi yakhalidwe. Waya ukangozuka, inkadziwa yokha n'kukhala duu, osawaulula. Akaubwezera, mpira n'kupitirira. Amene ankavutika ndi akazi awo, a Alefa, omwe kwa zaka zambiri ankalankhula ndi chipewa.

Lamulungu lina masana, timu yawo ikusewera, a Bizwick anapeza anthu atakhala pakhonde pawo: ankhoswe, ndi alamu awo a Chester, mchimwene wa a Alefa. Anaganiza kuti awabweretsera mlandu wa banja la eni, monga mwa nthawi zonse. Anakoka mpando, n'kukhala mwaulemu, nkhope ya munthu woganiza. Komatu mlandu unali wawo. Ndipo iwo anali mkamwini, nyumba anamanga pamalo a kwawo kwa mkazi, choncho zikavuta wonyamuka ndi iwo.

A Alefa anafotokoza zonse. A Bizwick anagwedeza mutu. A Chester anafunsa ngati n'zoona kuti banjali latopetsa, iwo anagwedezanso. Atafunsa ngati ali okonzeka kubwerera kwawo, ndi pomwe timu yawo inagoletsa.

"Eyaaa!" anadzambatuka a Bizwick, manja m'mwamba.

Waya unakodwa pa msomali wa mpando n'kuzuka. Foni, monga mwa khalidwe lake, inakhala chete. M'makutu mwawo munalowa mawu a a Chester.

"Mwadzionera nokha, akuchita kusangalala. Chemwali, amangireni bulangete lawo."

"Bulangete la ndani, alamu?"

"Lanu."

Mantha anawagwira a Bizwick. Analumbira kuti zonse amva, kungoti sanamvetse bwino. A Alefa sanatsutse. Anangowavula chipewa, n'kusolola foni m'thumba, n'kulowetsa waya. Timahedifoni tinayamba kulira, woulutsa mpira akadali kukuwa za chigoli chija. Anazula, zii. Analowetsa, phokoso. Mmodzi wa ankhoswe anasendera pafupi kufunsa kuti wagoletsa ndani, mnzake n'kumuponda phazi.

"Taonani, bambo a Millie," anatero a Alefa. "Kanthu aka kogula pamsika, mukakachotsa waya kamadziwa. Mukabwezera kamadziwanso. Ine mwezi watha ndinachoka, ndinakakhala kwa mng'ono wanga ku Chinakanaka pafupifupi sabata. Munadziwa?"

A Bizwick anayang'ana pansi. Anakumbukira kuti sabata ina ndiwo zinkachepa mchere, koma ankayesa kuti ndi chimfine.

"Ndiye wophika anali ndani?"

"Mwana wanu Millie. Nditabwerako munangondigwedezera mutu."

Apo ngakhale ankhoswe sanaseke. A Bizwick manyazi anawagwira, ndipo chisoni chinawagwiradi. Anagwada, napepesa ndi pakamwa, osati ndi mutu. Bulangete silinamangidwe.

Masiku ano chipewa chija amavala chopinda, makutu ali pamtunda. A Alefa akangodzuka pamkeka, iwo amazula waya n'kufunsa, "Mwachoka?" Akabwera kuchokera kuseri kwa nyumba, "Mwabwera?" Kukatunga madzi, kukathamangitsa nkhuku, ngakhale kupita kuchimbudzi, funso ndi lomwelo. A Alefa amadandaula kwa anzawo pachitsime kuti bamboyu wanyanya, akuwasowetsa mtendere. Koma kwa ankhoswe sanapitenso.