Kachipewa Koyera ka Adada

Chaka chimene ndinkaphunzitsa mbiri yakale kusekondale, mutu wa ufulu wa dziko la India unandivuta. Ana ankangoyasamula. Loweruka lina nditapita kumudzi kwathu ku Khuyu kukaona adada, ndinawadandaulira.

"Ukuphunzitsa za nduna yaikulu yoyamba ija?" anafunsa, ataika pansi ukonde umene ankasoka. "Ameneyo ndimamudziwa ine. Ndibwera Lachiwiri."

Adada ali mnyamata anagwira ntchito ku Dabeni, m'shopu ya telala wina wachimwenye. Zimenezo ndinkazidziwa, koma zoti anatolako ndale za ku India sindinkadziwa.

Lachiwiri anafikadi, wapansi, ndi ndodo yawo. Kumutu anavala kachipewa koyera kopanda mlomo kamene anasoka okha kuchokera ku pilokesi ya amama. Pabatani la jekete anatsomekapo duwa lofiira lothyola panjira. Kalasi yonse inafa ndi chiseko, iwo osatekeseka.

"Sekani," anatero. "Mwini wake ankavala chonchi, ndipo mafumu a maiko ankamuimirira."

Kenaka anayamba kulongosola. Munthuyo anali mwana wa loya wolemera, anaphunzira ku Mangalande, nabwerako nayenso ali loya. Akanatha kukhala phee n'kumadya za atate ake, koma anataya masuti n'kumayenda m'midzi kuuza alimi kuti dzikolo ndi lawo. Azungu ankamutsekera m'ndende, akatuluka n'kuyambiranso, iwo n'kumutsekeranso. Ali m'ndendemo ankalembera makalata mwana wake wamkazi, kumuphunzitsa za dziko lapansi. Ufulu utabwera anakhala nduna yaikulu, ndipo anthu anamusankhabe pamavoti mpaka imfa yake.

"Tsiku la ufululo bwana wanga anatseka shopu," adada anapitiriza. "Munthu wosaseka uja anavina pakati pa makina osokera, n'kutigawira maswiti achikasu onata m'mano. Ine ndinadya asanu, m'mimba n'kunditsegula."

Mtsikana wina wa ku Yofu, amene chaka chonse sanakwezepo mkono, anaimirira.

"Agogo, inuyo munamuonapo maso ndi maso?"

"Tsiku lililonse, mwana wanga. Chithunzi chake chinali pakhoma, ndipo wochipukuta fumbi ndinali ine."

Belu linalira koma palibe anatuluka. Anawafunsa ngati ndende ya ku India ili ndi nsikidzi, ngati munthuyo ankadya nsomba, ngati mwana wamkazi uja ankayankha makalata. Zimene sankazidziwa adada ankanena poyera kuti sadziwa, n'kundiloza ine: "Funsani aphunzitsi anuwo, ndinawalipirira sukulu."

Poweruka ine ndi ana oposa khumi tinawaperekeza mpaka ku Khuyu, anawo akulimbirana kunyamula ndodo. Amama anatiyang'ana tikutulukira pamlambe wa kuseri kwa nyumba, nagwira pakamwa.

"Ndiye pilokesi yanga ndi imeneyo?"

Sabata yonse adada anadandaula miyendo, amama akuwathowa ndi madzi otentha uku akuwanena. Nditapitako Loweruka lotsatira ndinawapeza atatsamira khoma, akuwerenga buku langa la sukulu ndi magalasi a amama.

"Apa alemba mopereweza," anatero. "Uwauze ana aja kuti za madamu osungira madzi amene munthu uja anamanga sindinamalize."