Tinawaitanira Azakhali Awo

Ndikukumbukira ndili mu Sitandade 5, achimwene anga atabwera ndi mkazi ku komboni ya esiteti ya tiyi kumene tinkakhala. Mkaziyo dzina lawo linali a Esinati. Kwathu kuno mwamuna ndiye amakakhala kwa mkazi, koma alamuwa analibe kwawo koti n'kutengerako mwamuna. Makolo awo anamwalira iwo akadali aang'ono, ndipo anakulira kwa azakhali awo ku Kapichi.

Tinagwirizana msanga. Pothyola tiyi ankayimba dengu lili kumsana, mpaka akapitawo ankawanena moseka kuti akuchedwetsa anzawo. Lamulungu masana ankandiluka tsitsi. Tsiku lina ndinaona chipsera chachitali paphewa pawo.

"Alamu, ichi n'chiyani?"

"Chikuni cha moto," anatero. "Ndinaswa mbale ya azakhali." Anaseka pang'ono, n'kupitiriza kundiluka.

Atakhala ndi pakati anasintha. Nyimbo zija zinatheratu. Chiperoni chikagwa ankakhala pakhonde osafunda kanthu, maso ali kumunda wa tiyi, phala n'kumazizira m'kapu. Kusikelo anawayeza magazi, anawapima mimba, n'kunena kuti zonse zili bwino. Tsiku lina tikuchapa pampopi anandifunsa ine, mwana:

"Mphatso, kodi munthu amene sanakondedwepo angadziwe kulera mwana?"

Ndinangoti, "Mudzatha, alamu," n'kupitiriza kutikita malaya.

Amayi anga anaona zonsezi ndipo anada nkhawa ndithu, poti sanali munthu woipa. Iwo anati mimba yoyamba imafuna wamkulu wakuchikazi, abwere adzamulangize mwana wawo ndi kukhala naye mpaka achire. Mwambo wake ndi umenewo. Anatuma achimwene ku Kapichi kukatenga azakhali aja.

Mayo ine! Ndinawathamangira amayi kukhitchini.

"Amayi, musawaitane. Ndi amene anawatentha aja."

"Iwe, khala chete! Za mimba mwana salankhula. Ndani sanamenyedwepo pokula?"

Azakhali anafika ndi mkoko wa nthochi pamutu, munthu wochepa thupi, waulemu wake, wopereka moni mogwada. Atakhala pamphasa anawaloza alamu n'kunena kuti, "Uyutu ulesi anayamba kalekale, ndamulera movutikira." Anthu anaseka. Alamu anazyolika, ndipo sindikukumbuka kuti anadzutsanso nkhope miyezi yonse ija.

Azakhali akatsokomola, alamu ankadzidzimuka. Chakudya ndinkawapititsira, n'kubwerera nacho momwemo. Ndinayesa kuwayimbira nyimbo zawo zomwe zija, ndinayesa kuwaluka tsitsi ndi timanja tangato. Sizinathandize. Ndinkadziwa chimene chinkawadya, koma mawu anga m'nyumba muja analibe ntchito. Zinkandipweteka kwambiri, ndipo ndinkakalirira kuseri kwa bafa.

Alamu anachira bwinobwino kuchipatala, mwana wamkazi wonenepa. Amayi a pakomboni analulutira kuti malangizo agwira ntchito. Koma alamu ankamunyamula mwana uja ngati katundu amene munthu wina wawasungitsa. Akalira, iwonso ankalira, kuopa kumukhudza.

Mwana anali atayamba kukwawa pamene namwino wina kusikelo anawayang'ana kumaso n'kuwafunsa za mumtima. Iye anauza achimwene kuti amenewa ndi matenda a maganizo, ndipo amakonda kugwira amayi amene anazunzika ali ana. Anati akanadziwa mimba idakali yaing'ono, akanamakhala nawo pansi kukambirana, mwina sizikanafika pamenepo. Alamu anathandizidwa, anapezako bwino pang'onopang'ono. Koma kumunda sanayimbenso, ndipo mpaka lero amati sakumbuka mmene mwana wawo woyamba ankasekera ali khanda.

Panopa ndakula, ndipo nanenso amandiitana kukalangiza a mimba yoyamba. Sindiyamba ndi malangizo. Ndimatenga mtsikanayo tiwiri, n'kumufunsa kuti anakula bwanji, komanso akufuna ndani akhale naye pafupi. Akayamba kulira, ndimamuperekeza kwa anamwino tsiku lomwelo.

Alamu anga yankho anali nalo. Tinkagona nawo nyumba imodzi, tinkadya nawo mbale imodzi, koma palibe anawafunsa.