Diresi la Buluu la Apongozi Anga

Ndinadzuka tambala asanalire, msana ukuwawa ndi mphasa. M'siwa amayi anali atatopa kuimba, ena akusinza atatsamira khoma. Apongozi anga, a NyaManda, anali atagona pakati pathu, ndipo ine ndinali ndi ntchito imodzi tsiku limenelo: kuonetsetsa kuti avekedwa diresi lawo la buluu.

Anali telala wodziwika pa Tukombo. Zovala zawo sizinkadzaza ngakhale sutikesi imodzi, koma chilichonse chinali cha thonje lenileni, chosoka okha. Ankati nsalu yabwino imakalamba pamodzi ndi mwini wake. Diresi la buluulo anayamba kulivala mwamuna wanga ali kusekondale, ndipo kolala anali ataisintha kawiri. Ali m'chipatala anandigwira dzanja n'kundiuza kuti ndisadzalole kuti aikidwe m'manda atavala pulasitiki. Ndinalonjeza. Choncho kusanache ndinalisita ndi nsimbi ya makala, n'kulipinda bwino, n'kuliika pampando kuchipinda.

Kuseri moto unali utayaka kale, mapoto akuluakulu a nyemba ali pamafuwa, ena akukanda ufa wa kondowole. Kutacha anthu anayamba kukhamukira pakhomo, a ku Kande, a ku Sanga, asodzi, antchito a m'maloji. Kuti Atonga ndi anthu otchena ndinadziwa kalekale, nditangokwatiwa kuno kuchokera ku Ntcheu. Chimene sindinkadziwa n'chakuti amatchenera ndi mtembo womwe.

Cha m'ma eyiti inafika galimoto ya alamu anga, mwana wamkazi woyamba wa malemu, amene amakhala ku Joni ndipo matenda onse aja anangowamvera pafoni. Analira pang'ono pakhomo, kenako anatsegula chikwama. Munatuluka diresi loyera la nayiloni, lonyezimira ngati la mkwatibwi, la timikanda pachifuwa. Munatulukanso zitenje zofiira zofanana, zoti abale tonse tivale. Changa nditachigwira chinalira m'manja ngati jumbo.

Nthawi yosambitsa thupi itakwana ndinabweretsa diresi la buluu lija n'kufotokoza zimene malemu anandiuza. Alamu analinyamula ndi zala ziwiri.

"Mlamu, mukufuna anthu atiseke kuti ama tawaika ndi sanza? Ana awo tikugwira ntchito ife."

Amayi achikulire anayang'ana pansi. Mmodzi anandinong'oneza kuti mkamwana salamula pamaliro a eni ake. Pazenera ndinaona mwamuna wanga ali kalikiliki ndi mabenchi, ndipo sindinamuitane. Ndinabweza diresilo pampando n'kutuluka, ndikudziuza kuti umenewo ndi ulemu.

Poona nkhope anthu ankadodoma ndi timikanda tija, ena mpaka kujambula pafoni. Ine ndinaona kolala yolimba itawakanikiza pakhosi, manja a diresi atapitirira zala zawo. Mayi amene moyo wake wonse ankayeza anthu ndi tepi anagona m'chovala chosawakwana. Ndinanyansidwa.

Ulendo wa kumanda tinauyamba dzuwa likuswa mtengo, zitenje zija zitamata m'miyendo ndi thukuta. Tili pakati pa minda ya chinangwa kunachita mdima, mvula n'kugwa ya madontho akuluakulu. Utoto unayamba kusuluka. Unatsikira m'miyendo, unadetsa manja, unalowa m'mabulauzi oyera a amayi a mpingo amene ankatigwiriziza. Tinafika kumanda ngati tikuchokera kosenda mbuzi. Abusa ananena kuti malemu anali mayi wosakonda zodzionetsera, khamu lonse n'kuvomera, ndipo alamu anavomera mokweza kuposa onse uku akupukuta nsapato.

Madzulo, anthu atabalalika, ndinalowa kuchipinda kuti ndikasunge diresilo. Pampando panalibe kanthu. Ndinakalipeza kuseri pafupi ndi mafuwa, litadulidwa pakati, lili bii ndi mwaye. Mayi wina amene ankatsuka mapoto anandifotokozera mopanda nkhawa kuti zitenje zatsopanozo zinkasungunuka n'kumata zala akagwirira poto wotentha, ndiye mnzake anakatola kansanza kameneko m'nyumba.

"Nsalu yolimba iyi, amama. Taphulira tsiku lonse, koma siinapse."

Ndinatola zidutswa ziwirizo n'kulowa nazo m'nyumba. Munali zii. Alamu anali atapita kukagona kuloji, mwamuna wanga ataperekeza amalume ake kumsewu. Ndinakhala pafupi ndi makina osokera a apongozi n'kuyala zidutswazo pamiyendo. Msoko wawo sunasosoke pena paliponse, anachita kuudula ndi mpeni. Tsiku lonse ndinakhalira kunyansidwa ndi alamu, koma amene anagwiridwa dzanja m'chipatala muja n'kulonjeza sanali iwo.