Bokosi la Alamu Anga Linkalemera

Ndinadzuka tambala asanalire, chisanu cha kwathu ku Dambe chitandilowa mpaka m'mafupa. Moto wa pa siwa unali utatsala makala okhaokha, azibambo atagona mouzungulira ngati matumba a kachewere. Ine tulo tinali tondivuta, chifukwa ndinkadziwa kuti m'bokosi simunali mtembo wa alamu anga wokha.

Alamuwo kwawo kunali ku Mozambiki. Asilikali anawagwira ali kumunda n'kuwapatsa mfuti kuti akamenye nkhondo, iwo n'kuthawa nayo kudzera m'mapiri mpaka kuno, kumene anakwatira achemwali anga. Zaka zonsezi mfutiyo inali yokwiriridwa pansi pa nkhokwe. Matenda atakula anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Alamu, chitsulo chija ndipite nacho. Chikatsala chipha anthu." Ndiye ndinaifukula, n'kuikulunga m'bulangete, n'kuigoneka kumsana kwawo tisanakhome bokosi. Odziwa tinali awiri basi, ine ndi achemwali.

Bokosilo tinalipanga ndi chitseko cha nyumba yawo komanso matabwa a bedi. Nanga mtengo wocheka ukaupeza kuti? Mapiri onse anametedwa mpala nthawi ya othawa nkhondo, ndipo sindiwada, nawonso ankafuna kuphika.

Kutacha kunagwa nkhungu ndi kamvula kowaza. Azimayi anasonkha moto kuseri, nkhuni zonyowa zikungofuka utsi. Anthu anayamba kufika, ena atavala nsalu za zipani, awa kukhala uku, awo uko, osapatsana moni. Pamaliro, eti! Zinandinyansa kwabasi.

Chakumasana kunatulukira amuna atatu ochokera kumalire, atavala nsapato zachisilikali zong'ambika. Sanapepese aliyense. Anthu oterewa tinali titayamba kuwaopa. Nkhondo kwawo inatha, inde, koma m'minda munali mabomba, zigayo ndi masukulu zili phulusa, ndipo asilikali anangouzidwa kuti bwererani kwanu. Akadye chiyani? Mfuti ankaisinthanitsa ndi chimanga, kapena kuigwiritsa ntchito okha, moti wagolosale wina ku Ligowe anali atangoomberedwa kumene.

Wamkulu wawo anandikokera pambali. "Malemuwa tinali nawo limodzi kutchire. Anachoka ndi mfuti yathu. Ili kuti?" Ndinati sindikudziwa. Iye anangomwetulira n'kuyang'ana pansi pa nkhokwe, pamene dothi linkaoneka lofukulidwa chatsopano.

Mapemphero atatha tinanyamuka. Kwathu amuna amalandizana bokosi m'njira, ndipo sungamuletse munthu kunyamula maliro, ngakhale mlendo. Oyamba kunyamula ananong'onezana kuti munthu wowonda chonchi akulemera bwanji. Ndinawayankha mwaukali kuti chitseko chake n'cha mlombwa, ayende. Potsetsereka kumtsinje, wamkulu wa alendo aja analowa pamzere n'kuika phewa kutsogolo kwanga. Wina anaterereka m'matope, bokosi linapendekeka, ndipo m'kati munamveka kuti gu, chitsulo kugunda thabwa. Azimayi anali pakati pa nyimbo, anthu sanamve. Koma iye anamva. Anatembenuka n'kundiyang'ana osaphethira. Mayo ine, thukuta linatuluka m'chisanu chonsecho.

Kumanda atatuwo anaima chapatali mpaka adzukulu okumba manda atamaliza kuumba mtumbira. Nkhata zitaikidwa, anthu anabwerera kukasamba m'manja ndi kudya. Iwo sanadye. Ndinafunsa uyu ndi uyo, koma palibe anawaona akulowera njira ya kumalire.

Madzulo, akutali atabalalika, panyumba panangoti zii. Pakhomo popanda chitseko tinapachika mphasa, mphepo ikungoikankha. Achemwali anakhala pansi atatsamira khoma, maso atatupa, mawu atatha. Ndinakhala pambali pawo kuti ndiwauze kuti musadandaule, zofuna za malemu tachita, apumula. Ndisanatsegule pakamwa anandigwira mkono mwamphamvu n'kuloza ndi mlomo kunja.

Ndinatchera khutu. Kumanda, kumene munthu saponda dzuwa likalowa, kunkamveka khasu likukumba.