Madontho Atatu Pansi pa Ndowa

Ndowa ili pakhonde pangayi musaione kuthimbirira. Itembenuzeni. Pansi pake pali madontho atatu okhoma ndi msomali, chizindikiro cha atsibweni anga. Ine sukulu ndinalekeza Giredi 4, koma pa nkhani ya madontho amenewa, ngakhale wa digiri akhale pansi amvere.

Tinabwera kuno pothawa nkhondo ku Mozambiki, amayi, atsibweni ndi ine. Pa boma pa Chadiza, kuseri kwa msika, panali bwalo lafumbi pomwe amisiri ankagwirira ntchito m'zisakasa: okhoma ndowa ndi mbaula, owotcherera ngolo, akalipentala, ndi chigayo chimodzi chotsokomola utsi. Atsibweni anapeza kangodya pamenepo n'kumakhoma ndowa, amayi n'kumagulitsa ndowazo. Phokoso lake! Ngo! ngo! ngo! kuyambira m'mawa, fungo la malata otentha ndi utuchi. Ife tinkadya phokoso limenelo.

Chaka china m'ma 90, nthawi yokolola, tinapeza zikhomo zofiira zazikidwa pakati pa zisakasa. Munthu wina wachuma wa m'tauni anali atapempha malowo ku khonsolo kuti amangepo nyumba za lendi. Aphunzitsi anga anapita kukaona mapu. Pobwera anati, "Pa pepala paja inu palibe. Palembedwa kuti ndi tchire." Mapuwo anajambulidwa kalekale, ife tisanafike.

Masana omwewo ndinazula zikhomo zonse n'kukaziponya pamapazi pa atsibweni, chifuwa chili patsogolo, ndikudikira kutamidwa. Anandigwira khutu. "Iwe, nkhondo tinaisiya kwathu. Kabwezere chilichonse pa dzenje lake." Ndinabwezera ndikulira, amisiri akufa ndi phwete. Lero ndikuti anachita bwino. Tikanatchedwa oswa lamulo nkhani isanayambe n'komwe.

Aphunzitsi analemba kalata yopempha kuti bwalolo lilembedwe pa mapu kuti ndi la ntchito za amisiri, osati la nyumba zogona. Onse anadinda chala. Tsiku la msonkhano wa khonsolo alimi a ku Zemba, ku Mlolo ndi ku Zingalume anabwera ndi ngolo zawo, ng'ombe zili mbwee panja pa ofesi. Ana sankaloledwa kulowa, ndiye ine ndinakakamira pansi pa windo.

Woimira wachuma uja, wa tayi, analankhula mofewa. Anati zisakasa si fakitale, anthuwa akhoza kukakhomera kumudzi. Atsibweni, pakamwa pawo panali polemera, anangoyang'ana pansi. Ndiye amayi anaimirira. Pakona pa chipindacho panali ndowa ya madzi akumwa. Anainyamula, madzi khuthu pawindo, pamutu panga penipeni! Kenaka anaivundikira patebulo.

"Abwana, madontho awa ndi a alongo anga ali apawa. Madzi mwamwa m'mawa uno atungidwa ndi manja awo. Mukafika kunyumba mukatembenuzenso za akazi anu. Kodi tchire limakhoma ndowa?"

Khansala wina wadazi anayamba kuseka. "Mayi, ndi mbaula yanga yomwe."

Mlimi wa ku Zingalume anakuwa ali pakhomo: "Nanga gudumu likathyoka chimanga chili pa ngolo, tizikankha mpaka ku Chipata?"

Musaganize kuti zinatha tsiku lomwelo, ayi. Amayi ndi aphunzitsi anapondaponda ku ofesiko mpaka nsapato kutha, atsibweni akukhoma ndowa maso ali pa zikhomo. Mvula yoyamba itagwa, eni zikhomo anabwera kudzazizula okha, masana dzuwa likuswa mtengo. Wachuma uja a khonsolo anamupatsa malo ena kumtunda, ndipo ndowa za anthu ochita lendi m'nyumba zake ankagula kwa ife!

Aphunzitsi ananditenga kukaona mapu atsopano. Analoza kachigawo kakang'ono ngati chikhadabo, kopaka utoto wofiirira. "Kwanu ndi apa."

"Basi? Kameneka?"

Ndinatuluka nditakhumudwa. Miyezi yonseyo, kulira kwanga konse kuja, n'kupata kadontho ka utoto? Mumtima ndinkati tikanangowathamangitsa ndi nyundo. Sindinkadziwa kuti pa kachikhadabo kameneko ndi pomwe ndidzakhomere ndowa mpaka imvi, ine ndi ana anga, ndipo palibe adzazikeponso chikhomo.